Malipenga a Ukwati wa Bauleni

Nzeru yonse inabadwira pa Naphiri, kuseri kwa msika wa Old Town, botolo la kachasu litafika pakati. Chinali chaka chija boma linkasamuka ku Zomba, malole akukhuthula matebulo ndi makabati mu Lilongwe tsiku ndi tsiku.

"Tamverani, mabwana," anatero Bauleni, amene ankadzitcha Jenerale ngakhale sanagwirepo ndi legeni yomwe. "Masiku ano wovala ovolosi atasenza katundu safunsidwa. Mlonda ndiye amakutsekulira geti."

Anzake awiri, Chimimba ndi Kachala, anagwedeza mitu ngati amva ulaliki.

Vuto la Jenerale linali Evelina, mtsikana wogulitsa nthochi pafupi ndi mlatho. Akalaliki ochokera ku Zomba anali atayamba kumuzungulira ndi mataye awo, ndipo iye anali atanena poyera: ukwati wopanda malipenga sakuufuna. Bauleni ankamukonda zenizeni, mpaka tulo kumuthawa.

Tsono m'holo ina ya Old Town, gulu la zisudzo linkakonzekera sewero la nyimbo ndi nthabwala la asilikali athu ku nkhondo ya ku Bama. Bauleni anali atasuzumira pawindo dzulo lake, naona malipenga owala akulongedwa m'bokosi lalikulu lobiriwira. Nyimbo yawo inamukakamira m'mutu, ndipo anaiphunzitsa anzake pomwepo pa Naphiri.

Zimene Jenerale sanadziwe n'zakuti sewerolo linkavuta. Theka la osewera anali akadali ku Zomba, ndipo mtsogoleri wawo, a Redson, ankafuna kuti anthu aseke nkhondo imene inapha abambo awo, kenako alire. Choncho anagwira aliyense wodziwa kuimba, kuphatikizapo a Lemson, wapolisi wa thupi ngati nkhokwe, kuti akhale sajeni wamantha wobisala m'bokosi la zipolopolo. A Lemson ankangotulukamo nthawi isanakwane.

"Bambo Lemson, mundipha!" anakuwa a Redson masana a tsiku lomwelo. "Asilikali akakunyamulani, khalani phee. Ngakhale dziko ligwedezeke, musatuluke mpaka mutamva nyimbo!"

Malipenga anatulutsidwa m'bokosi lobiriwira lija, a Lemson analowamo, bokosi linakankhidwira kuseri kwa katani, ndipo a Redson anayamba kukangana ndi oimba.

Apo ndi pamene ovolosi atatu analowera khomo lakumbuyo. Mlonda anawagwirira chitseko, monga Jenerale analosera.

"Mayo, msana wanga!" anabuula Kachala. "Malipenga amalemera chonchi?"

"Ndi mkuwa weniweni, mbuli iwe," anatero Jenerale. "Nyamula!"

Anadutsa pamashopu a amwenye thukuta lili kamukamu. Bokosi linatsokomola kamodzi.

"Jenerale, latsokomola," ananong'ona Chimimba.

"Ndi mpweya wotsalira m'malipenga. Unapita kusukulu iwe?"

Atafika pamlatho, Bauleni anaona Evelina patali pa nthochi zake, mtima unadumpha. Chimwemwe chilibe mwambo. Anatukula chifuwa nayambitsa nyimbo ija, anzake n'kuvomera mokweza:

"Tabwerako ku Bama,
Amayi tsekulani chitseko!"

Chivundikiro chinauluka. A Lemson anadzuka atavala chisoti cha nkhondo, manja ali m'mwamba, naimba ndi mawu ogwedeza mlatho: "Ndili moyo, ndili moyo!" Kachala anakomoka osatsanzika. Chimimba anagwada n'kuyamba kuulula machimo, ena a chaka chatha. Bauleni anafuna kuthawa, koma bokosi linali litagwera pa mwendo wa ovolosi yake.

A Lemson anamaliza ndime yonse, poti anali munthu womvera malangizo. Kenako anayang'ana mtsinje, anayang'ana mbava, nakumbukira ntchito yawo yeniyeni.

Posakhalitsa gulu lonse la zisudzo linafika likuthamanga posaka bokosi lawo, malipenga ali m'manja. A Redson, misozi ili mbwembwembwe, anakumbatira sajeni wawo.

"Lero mwatulukira pake! Anyamata, musataye mpata, imbani!"

Motero Bauleni anayenda ulendo wa kupolisi atagwidwa pakolala, malipenga akulira pambuyo pake, ana akuvina, amayi a pamsika akululutira. Podutsa pa nthochi paja anagwetsa nkhope ndi manyazi.

"Malipenga ndawamva, a Jenerale, ndi okoma," anatero Evelina, akumuponyera nthochi imodzi ya panjira. "Mwandithandiza. Ndiwaitana omwewa pa ukwati wanga."