Apu Yanga ndi Khonde la Achemwali

Lolemba

Lero ndiye lero. Apu yanga ya pa foni yapeza dzina: Chisawole. Munthu ulembamo zakudya zomwe uli nazo m'nyumba, zikatsala pang'ono kuwola foni ilira. Basi, kutaya chakudya kwatha m'Neno muno!

Loweruka kukubwera a bungwe lina kuno ku Zalewa kudzaona nzeru za achinyamata. Ndikawagometsa, ntchito ndapeza. Ndikalephera, alamu ananena kale: "Sukulu ya makompyuta munamaliza, mpunga wanga mukumalizanso. Mwezi ukatha, kwanu ku Dambe khasu likudikira."

Ndimagona pabalaza pa achemwali, koma si kwa nthawi yaitali.

Lachiwiri

Pakufunika anthu oyesa apu. Omwe ndapeza:
achemwali (akana)
a Yusufu a golosale (avomera chifukwa cha ulemu chabe)
mayi Phiri ogulitsa tomato pamsewu (avomera ndi mtima wonse, koma foni yawo ndi ya mabatani)
alamu (sindinawafunse, ndawaikira ali kubafa)

Magetsi azima masana. Zonse ndinakonza m'mawa zapita nawo.

Lachitatu

Kabelu wamba ka foni anthu sakamva, ndiye chenjezo ndajambula ndi mawu anga, mokuwa. Ndikuyesa ndi zakudya zongopeka: nkhumba, kabichi, usipa.

Mayo ine! Uthenga woyeserawo wapita kwa onse. A Yusufu ndi Msilamu, munthu wosaphonya mapemphero. Foni yawo yakuwa m'golosale muli thothotho makasitomala: "Nkhumba yanu ikuwola! Idyani lero!"

Ndathamanga kukapepesa. Sanakalipe ayi. Angoti, "Mwana wanga, tachotsa chinthuchi," n'kundipatsa foniyo ataigwira ndi zala ziwiri. Bola akanandikalipira.

Lachinayi

Alamu abwera kuchokera kuntchito nkhope ili ndwii. Foni yawo yakuwa pamsonkhano, abwana ali mkati molankhula: "Kabichi wanu wanunkha!" Anayesa kuithimitsa, inabwerezanso. Batani loletsera phokoso sindinaliikebe, ndimati ndiliika mawa.

Achemwali akundiikira mbale patebulo osandiyang'ana. Ndiwo zachepa.

Lachisanu

Mbiri yanga yafala, koma yafala chokhota. Mayi Phiri auza msika wonse kuti mnyamata wa makompyuta uja akutolera zowola. Pofika masana pakhonde pa achemwali pali:
dengu la tomato wophwanyika
makabichi akuda bii
mapapaya ochucha madzi
thumba lina lomwe sindikufuna kulitsegula
ntchentche za Zalewa yense!

Ndikuyesa kufotokoza kuti apu sitenga kanthu, imangokumbutsa. Mayi wina akutula dengu lake n'kuti, "Eti? Ndiye muikumbutse kuti ndabweretsa."

Achemwali atseka mawindo onse. Ine anditsekera kunja.

Loweruka

A bungwe afika kuholo pa galimoto yoyera. Ndasamba kawiri, koma amene ndakhala nawo pa benchi akusendera kumapeto.

Nthawi yanga yakwana, netiweki yathawa. Apu ikungozungulira, ine ndikungomwetulira, thukuta kamukamu. Mayi wa bungwe wovala magalasi akufunsa: "Kodi ndi mabanja angati akuigwiritsa ntchito?" Ndisanatsegule pakamwa apu yadzuka n'kukuwa ndi mawu anga omwe: "Zonse zawola!"

Holo yonse yafa ndi phwete. Mayiwo alemba kanthu kakafupi kwambiri.

Masana atigawira mpunga wa m'timabokosi. Watsala wambiri. Dalaivala wawo wausonkhanitsa m'katoni n'kundisenzetsa: "Ndinu mumatolera zotsala eti, achimwene?" Ndalandira. Ndikanatani?

Lamulungu

Apu ndaifufuta. Kutchalitchi sindinapite, achemwali ati ndisaonekere kaye pagulu.

Ndili chokhala pakati pa madengu, pafika bambo wina pa njinga, wochokera ku Midzemba. Amaweta nkhumba. Wanunkhiza thumba losatsegula lija n'kugwedeza mutu mokondwa. Akufuna munthu woti azimutolerera zamumsika tsiku ndi tsiku, zikachuluka azimuimbira foni. Malipiro ndi kamwana ka nkhumba, yaikazi ikadzaswa.

Ndayang'ana alamu kuti mwina andikanira. Kwa nthawi yoyamba sabata ino amwetulira: "Ntchito ndi ntchito, alamu. Mwaipeza nokha."

Ndavomera. Ndiyamba mawa m'mamawa. Wilibala ndi yobwereka, ndipo tayala lake ndi lophwa.