Makoswe Awiri mu Ndowa ya Amake Tisa

Ndikulumbira pali Mulungu, pali manda a amayi anga, zonse ndinene pano ndi zoona! Mukapezamo bodza ngakhale limodzi, ng'ona za mu Lupande zindidye ndili maso. Ndi nkhani yochititsa manyazi, inde, koma munthu amene ndinathamangitsapo njovu m'munda ndi kutsokomola kokha, manyazi angandichite chiyani?

Mwana wanga Tisa amagwira ntchito ku Lusaka, m'nyumba yosungiramo makoswe oyera. Makoswe enieni! Amawadyetsa bwino, nkumawayeza pa sikelo ngati thonje. Atabwera pa Khisimasi ndinamufunsa kuti kodi makoswewo ndi a ndiwo?

"Ayi adadi, ndi a mu labotale. Mankhwala a m'mafakitale, ngakhale opopera thonje aja, timayamba tamwetsa makoswe, nkumawayang'ana. Timafuna kudziwa mlingo umene ungaphe hafu ya makoswewo."

Za mlingo zinandidutsa. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi chimodzi: hafu amafa.

Tsono mvula ili pakati, ndikupopera thonje langa, sipuleya inatseka. Ndinachita zimene timachita tonse kuno, kumasula nozo, kamlomo kotulukira mankhwala kaja, kuika pakamwa, fuuu! M'malo mopita kutsogolo, kadontho kanabwerera kwa ine. Kuwawa kwake! Ndinalavula, ndinalavulanso, koma mtima unati wameza iwe.

Hafu amafa. Nanga ine ndili mu hafu iti?

Kuwauza amake Tisa sindikanayerekeza, anandiletsa kalekale zouzira nozo. Ndiye ndinati, zimene amachita ku Lusaka zingandikanike ine? Ndinakwawira pansi pa nkhokwe nkutulukamo ndi makoswe awiri, wina dzanja ili, wina dzanja ili, aakulu ngati ana a nkhumba. Ndinawaponya mu ndowa kukhitchini, nkuikamo mtedza umene ndinaupaka pa nozo, pamwamba lichero. Masamu anga anali osavuta. Akakhala moyo onse, ndapulumuka. Akafa mmodzi, ndigwada ndipemphere. Akafa onse, aitaneni abusa.

Ndinakagona pansi pa mango kuseri kwa khola, kudzimvetsera. Malovu ngati achuluka. Malovu ngati achepa. Ntchentche inatera pamphuno, ine nkuti ayi, iyi yamva kale fungo la maliro. Ndinayesa kuimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu osatuluka.

Dzuwa litapendeka ndinadzikoka kukaona. Ndowa ndinaipeza panja. Kusuzumira chonchi, onse awiri gada, miyendo m'mwamba!

"Mayo ine! Ndafa! Onse awiri!"

Mlamu wanga Chulu anatulukira akuthamanga, khasu kumanja.

"Alamu, njoka?"

"Poizoni! Makoswe anga atsogola, manje ndatsala ine!"

"Makoswe anu? Munayamba liti kuweta makoswe?"

"Mafunso mukafunse pamaliro! Tengani njinga!"

Anandikweza pa kaliya, ndowa ndaikumbatira pachifuwa. Matope a kuno mumawadziwa, amavula munthu nsapato. Chulu wefuwefu.

"Tayani ndowayo alamu, ikulemera!"

"Ndi umboni uwu! Palasani, maso ayamba kuchita mdima!"

"Chipewa chatsika icho, kwezani!"

Ndinakweza, ndipo kunawaladi pang'ono. Koma mtima sunakhale pansi. Ndinayamba kugawa katundu tili panjira, mbuzi kwa Tisa, wailesi kwa mlongo wanga. Chulu anafunsa za sipuleya, ndinamuuza kuti imeneyo aiike nane m'manda, ndikaionetse kumwamba.

Ku kiliniki tinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono ngati Tisa. Anandiunika m'maso ndi tochi, kumvetsera pachifuwa, kundichukuchitsa m'kamwa, kufunsa mtundu wa mankhwalawo.

"Bambo, nozo sauzira ndi pakamwa, anthu amafa nazo zimenezi. Mwachita bwino kubwera. Mukhala kaye pano tikuoneni. Koma mu ndowamo muli chiyani?"

"Ma rizauti, adokotala. Ndayeza kale ndekha."

Ndinafotokoza zonse, za hafu, za mtedza. Anasuzumira, nkutembenuza khoswe mmodzi ndi kamtengo.

"Koma bambo, ndi mankhwala anji amene amaphwanya mutu?"

Ndisanayankhe, kunja kunamveka kulira. Amake Tisa, mudzi wonse uli pambuyo pawo, ena atanyamula kale mikeka.

"Atate ake Tisa, musandisiye ndekha ine! Musandi..."

Anaona ndowa. Kulira kunaduka ngati wazimitsa wailesi.

"Ndowa yanga ya madzi akumwa! Ndinu munaikamo zinthu zimenezi? Ine kubwera ku mjigo, kumva gwedegwede pansi pa lichero, ndawamaliza ndi chikuni onse awiri!"

"Ndi chikuni?" ndinafunsa ine.

"Nanga ndiwaphikire tiyi?"

"Koma mtedza anadya?"

Dokotala anapendeketsa ndowa. Mtedza wonse unali momwemo, osalumidwa ngakhale pang'ono.

Anthu inu, kuseka kumene kunali pamenepo! Mkulu wina amene anali pa diripu anaseka mpaka botolo kugwedera. Amikeka aja anangoyala pomwepo nkukhala pansi kuti amve bwino. Ine ndinafunda bulangeti kumutu. Atanditulutsa, kunyumba ndinapita wapansi, ndowa pamutu, amake Tisa pambuyo akulalata njira yonse.

Ndiye anzanga, mukafuna kutsegula labotale kukhitchini, muyambe mwadziwitsa mwini khitchini.

Koma ndisabise, potuluka dokotala anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti magazi ngati anga sanawaonepo, poizoni akalowamo amafa yekha. Chulu amati iye anali pomwepo, ati zimene ananena dokotala nzakuti ndichepetse kulira chifukwa ndikudzutsa makanda ku mateneti. Zamkutu zimenezo! Munthu wopalasa njinga m'matope onse aja, makutu ake akanamva chiyani?