Ulendo wa ku Mars ndi Ng'ombe za Alamu

Lolemba
Wailesi ya ahedi ikuti Arasha aponya chitsulo kumwamba, chikuzungulira dziko. Ine, mphunzitsi wa masamu pa Bundabunda pano, ndalonjeza aphunzitsi anzanga kuti Loweruka ndiwauza liwiro lofikira ku Mars. Zida: buku lakale la kumishoni, chingwe, chikhomo, bwalo la pakhomo. Alamu anga a Mwanza atumiza mawu: mvula ikangogwa, andibwereka ng'ombe ndi pulawo tsiku limodzi lokha, ndikatenge mamawa. Ndamva.

Lachiwiri
Ndajambula pabwalo: chikhomo ndiye dzuwa. Mzere wozungulira wamkati ndi njira ya dziko, wakunja ya Mars. Buku likuti kuti uthawe dziko pafunika mamailosi asanu ndi awiri pa sekondi imodzi. Njinga yanga imatha m'mawa wonse kukafika ku Chongwe.

Lachitatu
Mkazi wanga, amake Tisa, asesa pabwalo. Mars yapita kudzala la zinyalala. "Mufuna anthu akambe kuti pano palibe mkazi?" Ndikujambulanso.

Lachinayi
Ndatulukira chachikulu! Sulunjika pamene Mars ili lero, ulunjika pamene idzakhale pakapita miyezi isanu ndi itatu. Ukaphonya nthawi yonyamuka, uyembekeza zaka ziwiri. Ndikufotokozera amake Tisa, iwo maso ku mitambo. "Mbewu nasankha kale." Mbuzi yatafuna chingwe.

Lachisanu
Chimvula masana. Dziko ndi Mars zakokolokera kukhola, chikhomo chokha chatsala. Ndasamutsira masamu pa masileti khumi ndi awiri a kusukulu.

Loweruka
Mamawa ndili pa masileti, kwangotsala kugawa kumodzi. Ng'ombe ndikatenga ndikamaliza.
Ndafika kwa alamu dzuwa lili pamutu. Khola lili pululu. Pulawo ikulima kwa ena, ndipo mabanja asanu ali pamzere. "Mulamu, ng'ombe siziyembekeza aticha. Mubwere pakapita masabata atatu."
Madzulo ndauza aphunzitsi anzanga yankho la masamu: mamailosi awiri pa ola. Ndasokoneza masileti. Ahedi akuti limenelo ndi liwiro la ng'ombe yolima. Aseka mpaka misozi.

Lamulungu
Kutchalitchi aliyense akukamba zodzala. Ndikuchita manyazi, ndikungoyang'ana nsapato. Pobwerera, amake Tisa atsamiritsa makasu awiri pakhomo.
"Atate ake Tisa, aja ophonya tsiku munati ayembekeza zaka zingati?"
"Ziwiri."
"Ise tilibe zaka ziwiri. Mawa kumunda, sukulu isanayambe."
Khasu langa likugwedera. Ndalilimbitsa ndi chikhomo chija, dzuwa langa.