Chilumba cha Anthu Awiri

Lolemba

Chipereganyu cha amayi a pamsika wa Chilomoni chagwera ine mwezi uno. Anzanga akuti gula makina ena osokera, ena akuti gula malata. Ayi ndithu. Ine ndikufuna chinthu chimodzi basi: kukhala ndi bambo a Tadala awiriwiri, ngakhale kwa masiku ochepa, kumalo kopanda m'bale.

Chikwatiranireni sitinakhalepo tokha. Tsiku la ukwati lomwe azakhali awo anayala mphasa pakhomo la chipinda chathu, ati akulondera mphatso.

Kagonedwe ka m'nyumba muno:
- kuchipinda: ine, bambo a Tadala, Tadala, ndi apongozi kuseri kwa katani. Anabwera kuchokera ku Phalombe kudzachotsa dzino. Dzinolo linachoka kalekale, eni ake adakalipo
- pabalaza: alamu anga a Fanuwelo, amene akufunafuna ntchito ali chigonere
- kukhitchini: nkhuku za apongozi

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe amasesa mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege m'tauni. Wandibweretsera timabuku ta zithunzi. Zilumba zitatu: Likoma, china cha kunyanja yamchere ku Mozambiki, ndi Morishasi. Mchenga mbee ngati ufa woyera. Mahotelo ake ofolera ndi udzu. Azungu kulipira kuti agone m'nyumba ya udzu, ife kuno tikufera malata!

Bambo a Tadala ayang'ana zithunzi, akumwetulira. "Sankhani inu, amayi." Ndawauza kuti pakamwa patsekedwe mpaka nditasankha.

Lachiwiri

Pakamwa sipanatsekedwe. Bambo a Tadala ati munthu sawoloka madzi osatsanzika amayi ake, ukamira adziwa bwanji kokakufuna.

Ine mtima unali pa Likoma, poti ndi konkuno, pasipoti safuna. Apongozi angomva dzinalo, akumbukira kuti mdzukulu wa achemwali awo anakwatiwa ndi mphunzitsi kumeneko. Sanamuonepo. Dzina lake lawathawa. Koma thumba la nandolo latuluka kale kunsi kwa bedi, tikamupatse.

Pofika masana Chilomoni yense wadziwa. Anthu akubwera pakhonde pamene ndimasokera, nsalu alibe, ali ndi maoda:
- usipa wouma, aliyense
- mayi wina wa kutchalitchi akufuna madzi a m'nyanja m'botolo, ati amachiza chipere
- bambo wina, sindikuwadziwa n'komwe, asiya wailesi yakufa kuti tikapatse mlongo wawo ku Nkhata Bay, poti "ndi panjira"

A Fanuwelo adzipereka kukhala wonyamula katundu. "Ine alamu sindivuta, sindidya zambiri." Bodza lamkunkhuniza. Munthu amene amakombeza mpoto mpaka kuwala.

Likoma ndamuchotsa.

Lachitatu

Mozambiki tsono. Nkhondo inatha, njira akuti zatseguka. Pachithunzi mzungu ndi mkazi wake agona mu ukonde womangirira kumitengo iwiri, chakumwa m'manja. Ndayang'anitsitsa m'mbali monse mwa chithunzicho, mlamu palibe.

Ndadzisokera chovala chosambira ndi nsalu yotsala ya msonkhano wa chipani. Nkhope ya bambo ofuna u-MP yagwera kumbuyo kwenikweni. Zilibe kanthu, kumeneko sakuwadziwa.

Kabuku ndinakabisa pansi pa nsalu za makasitomala, apongozi akapeza. Poyamba amvera chisoni azungu aja. "Agona pamchenga opanda zovala, anawabera katundu?" Kenako afunsa kuti kumeneku n'kuti. A Fanuwelo awawerengera.

Apongozi akhala pansi, misozi chuchuchu. Bambo awo anachokera komweko wapansi kalekale, manda a makolo ali kuseri kwa phiri la Mulanje. Ayamba kuyankhula Chilomwe chimene sindinawamvepo akuyankhula chibwerereni.

Ndafotokoza mwaulemu, nditagwada, kuti chilumbacho chili kutali kunyanja yamchere, pamene kwawoko ndi kumapiri.

"Mozambiki ndi mmodzi, amake Tadala. Mukangonditsitsa panjira."

Bambo a Tadala nawo akupukuta m'maso. Apa ndaona kuti zandivuta.

Lachinayi

Morishasi. Ndafufuza mwakachetechete. Palibe wa ku Phalombe anakwatiwako. Manda athu kulibe. Palibe ngakhale mmodzi akudziwa kuti dzikolo lili mbali iti. Pasipoti tilibe, ndege timangoionera m'mwamba, chipereganyu chingatifikitse mwina pa Chileka pokha n'kubwerera, koma mtima wanga wapita kale.

Ndalengeza tikumwa tiyi, monyadira, kuti kumeneko tilibe m'bale ngakhale wa kuchimuna. Apongozi aika kapu pansi.

"Nanga mukakamwalira, adzaphika ndani pamaliro?"

Chakumasana a Namakhwa, ankhoswe athu, atulukira kuchokera ku Bangwe. Jekete, tayi, ambulera m'manja dzuwa likuswa mtengo. Wawaitana ndani? Aliyense akuyang'ana kudenga.

Ati banja labwinobwino silithawira kopanda abale, apa pali nkhani. Atikhazika pamphasa. Ine ndanena zoona zokhazokha: mlandu palibe, sitinayambane, ndikungofuna kukhala ndi amuna anga awiriwiri.

"Kuti mukachite chiyani chimene simungachite pano?"

Ndikanayankha bwanji, apongozi ali pompo akusenda nandolo?

Bambo a Tadala apepesa. Afunsidwa kuti akupepesa chiyani, ati sakudziwa, koma apepesa ndithu ndi mtima wonse. A Namakhwa ati chimenechi ndi chizindikiro choti nkhaniyi ndi yozama.

Mlandu sunathe, maminibasi a ku Bangwe atha. A Namakhwa agona pabalaza. Ndimafuna tichepe, tawonjezekera.

Lachisanu

A Fanuwelo adzuka m'mawa koyamba chaka chino, ali ndi nzeru. "Ino ndi nthawi ya matipate, alamu. Zoti munthu mmodzi azisankhira anthu zinatha." Ulendo wanga, chipereganyu changa, mavoti a fuko lonse!

Aika mapoto atatu kuseri kwa katani, mpoto uliwonse chilumba chake. Aliyense alowe yekha, aponye chitsekerero cha botolo. A Namakhwa ndiwo oyang'anira chisankho, komanso akuvota. Tadala akuvota, mwana woti mamina sadziwa kupukuta. Mayi wa madzi a m'botolo wabwera. Bambo a wailesi yakufa abweranso, ati katundu wawo ali m'nyumba muno, ndiye ufulu ali nawo.

Kampeni: apongozi aphika mbatata, agawira aliyense, aimbanso nyimbo ya kwawo. Ine chogawa ndilibe, ndangoonetsa chithunzi cha mchenga.

Zotsatira:
- Likoma: wa botolo ndi wa wailesi
- Mozambiki: mulu
- Morishasi: chitsekerero chimodzi

Chimodzi. Changa.

Ndawayang'ana bambo a Tadala. Ati kuseri kwa katani kunali mdima, anasokoneza mapoto. Mpoto wa Morishasi ndi uja wopanda chogwirira, akuudziwa bwino, anathyola ndi iwo omwe. Zandipweteka, sindinama. Kuluza sindikudandaula, koma ndimayembekeza kupeza ziwiri mumpoto muja. Ndapita kuti ndikalirire kubafa, ndapeza muli a Namakhwa.

Loweruka

Chilumba chachoka paulendo. Apongozi sakwera bwato, ati analota zoipa. Hotelo yachokanso. A Namakhwa ati kugona kuhotelo kwanu komwe n'kunyoza abale. Abale ake ati? Sitikuwadziwa, koma asanyozedwe.

Ulendo tsopano uli motere: minibasi mpaka ku Muloza, kuwoloka malire, kenako kufunsafunsa mudzi umene uli ndi mtengo waukulu wa mango pafupi ndi mtsinje. Ndizo zokha zimene apongozi anamva kwa bambo awo.

Minibasi ya hayala yapezeka. Yalipiridwa ndi chipereganyu changa. Bambo a Tadala andipempha maso ali pansi, ati anthu avota. Ndapereka. Ndikanakana, a Namakhwa akanakhala sabata ina.

Zopakira:
- nandolo uja, tsopano ndi wa abale a ku Mozambiki
- sopo, mchere, shuga
- nkhuku zonse, za mphatso
- wailesi yakufa. Eni ake ati mwina tikumana ndi munthu wopita ku Nkhata Bay

Tikumanga katundu, a Namakhwa akweza chala. Nyumba singatsale yokha, akuba a masiku ano nawonso ali pa ufulu. Atsale ndani? A Fanuwelo sangatsale, ndi onyamula katundu. A Namakhwa ndi oyankhulira gulu. Tadala ayenera kukaonedwa ndi makolo. Bambo a Tadala ndi mwana wamwamuna, agwire amayi awo dzanja pamalire.

Mitu yonse yatembenukira kwa ine.

Apongozi, ndi mawu okoma zedi: "Si paja mumafuna kupuma, amake Tadala? Mandawo si a kwanu. Tsalani, mupumeko."

Ndaseka. Ndaseka mpaka Tadala wathawira kwa agogo ake, a Namakhwa n'kufunsa ngati m'nyumba muli panado.

Lamulungu

Anyamuka m'mawa. Kutchalitchi sindipita lero, anthu angandifunse kuti ndikunyamuka liti.

Minibasi yadzaza mpaka chitseko achimanga ndi chingwe. Apongozi kutsogolo, duku latsopano, nkhope ikuwala ngati mtsikana. Kunena zoona sindinawaonepo akusangalala chonchi, ndipo zandivuta kuwakwiyira. Atulutsa mutu n'kundilonjeza kuti abale akakapezeka abwera nawo angapo adzaone tauni.

Bambo a Tadala apanikizika kumbuyo, nkhuku pamiyendo, wailesi pansi pa mkono. Atsegula windo movutikira. "Tikabwerako tipita awiri, amayi. Musankhiretu." Ndangopisa dzanja n'kuwakonza kolala, inali itapindika. Ndimawakonda bambo amenewa, ndiye vuto lake.

Minibasi yatsika mtunda ikutsokomola utsi. Ndaima pamsewu mpaka yakhota.

M'nyumba zii. Ndasesa pabalaza, ndapeza masokosi a a Fanuwelo kunsi kwa mpando, ndawataya panja. Tiyi ndamwa wa shuga wambiri, wondiwerengera masipuni palibe. Ndayesa kuimba, mawu anga andichititsa manyazi, ndasiya.

Timabuku ta zithunzi ndabweza kwa mwini wake. Wandifunsa kuti ndasankha chiti. Ndati ndikuganizabe.

Masana ano ndatseka chitseko cha kuchipinda. Chimakana, ndachita kuchikankha ndi phewa. Ndadziponya pabedi kuti lero lokha ndigone chotambalala, mwendo uku mwendo uko, ngati mzungu wa pachithunzi.

Ndadzidzimuka dzuwa litapendeka. Ndapanikizika kukhoma monga mwa masiku onse, mbali ya bambo a Tadala ndawasiyira.