Matimati Akudikira Mtengo

Lolemba, 12 Meyi 1986

Esnati, mwana wathu woyamba, akupita kusekondale yogonera komweko Lamulungu. Akufunika bulangete. M'sitolo mwa Che Yusufu pa Katete latsala limodzi, lofiira. Amake akuti nditenge madengu atatu a matimati akudimba, ndigulitse lero, ndigule bulangetelo, basi.

Sindikugulitsa lero. Munthu wophunzitsa masamu zaka khumi ndi zinayi sagulitsa ngati akuthawa mvula. Mitengo ili ndi khalidwe lake. Ikadumpha pa Katete, pa Sinda imadumpha mawa lake, ku Vubwi pakapita masiku atatu. Ndikayeza kadumphidweko ndidziwa tsiku ndi msika wogulitsira.

Zida: kope, pensulo, lula, kuseri kwa kalendala, njinga.

Lachiwiri

Pamsika wa Katete, kope m'manja, tayi pakhosi. Ndikufunsa mtengo wa mulu uliwonse, ndikulemba. Azimayi akuyankha mwaulemu wodabwitsa. Ena akuphimba madengu ndi zitenje n'kumachoka. Pofika masana matimati asowa, mtengo wakwera kawiri. Mzere wanga pakalendala walunjika kumwamba. Ndinanena ine.

Lachitatu

Sinda. Malinga ndi mzere, mtengo ukwere lero. Ndapeza unakwera kale dzulo madzulo. Akuti kondakitala wa basi anabwera ndi nkhani yoti kukuyenda mkulu wa boma woona mitengo, wa tayi yobiriwira, panjinga. Aliyense wabisa katundu.

Mkulu ameneyu ndamulowetsa m'masamu anga, ndamutcha X. Sindinakumane naye, ngakhale zikuoneka kuti tikuyenda malo amodzimodzi.

Kunyumba matimati apansi ayamba kufewa. Amake: “Mzere wanuwo ukudziwa kuti matimati amaola?”

Lachinayi

Tayi yachapidwa, ndapita ku Katete khosi lili pamtunda. Bulangete palibe pashelefu. Che Yusufu andinong'oneza: “Ndabisa kuseri, aphunzitsi. Zinthu zavuta, mtengo si uja ayi.” X wafika mpaka kunsalu. Ndawonjezera mzere wachiwiri.

Mlamu wanga wochita geni wafika kuchokera ku Vubwi. Akuti kumeneko amva kuti pa Katete mulu wa matimati ukugulidwa mtengo wa nkhuku. Nkhani yayenda masiku awiri m'malo mwa atatu. Ndafufuta atatu, ndalemba awiri. Masamu akuti mawa ndiye pachimake. Mawa ndigulitsa.

Lachisanu

Ndafika ndi madengu mamawa. Ndapeza:
ngolo zinayi za matimati zochokera ku Sinda
lole ya ku Vubwi, matimati okhaokha
a kutsidya la Malawi, panjinga, matimati
mlamu wanga, matimati.

Ogula ndawerenga asanu ndi mmodzi. Wina wandiuza kuti angagule dengu ngati nditakhuthula zam'katimo.

Mzere watsika mpaka watuluka pakalendala. Ndapitiriza kujambula patebulo.

Loweruka

Matimati adyedwa ndi nkhumba za a Phiri oyandikana nafe. Sizinafunse mtengo.

Bulangete lofiira lapita. Che Yusufu aligulitsa kwa woyendetsa lole ya ku Vubwi, akuti kuli bwino lichoke mkulu uja asanalipeze.

Amake achapa bulangete lathu, lija la paukwati. Akuliyanika pachingwe pafupi ndi tayi yanga, yomwe ikadali pomwepo. Andiitana. “Bambo a Esnati, tayi iyi ndi ya mtundu wanji?”

Ndayang'ana tayi. Ndayang'ana njinga.

X wapezeka.

Lamulungu

Bulangete lathu lili m'sutikesi mwa Esnati. Ife tafunda kale masaka awiri a feteleza ndi chitenje, ndipo Juni sanafike.

Kalendala ya mizere amake akulungira mbatata zootcha zoti mwana adye panjira. Sindinatsutse.

Pokwera basi Esnati wandigwira dzanja. “Atate, musadandaule, lanuli n'lofunda kuposa lofiira lija.” Ndili ndi manyazi kwambiri. Ndangomukonzera kolala.

Kondakitala wandiyang'anitsitsa, wachotsa chipewa, wabweza theka la ndalama ya tikiti. Yobiriwira ija ili pakhosi: kutchalitchi sindipita wopanda tayi.

Zotsatira za kafukufuku: mtengo ukadumpha pa Katete, pa Sinda umafika tsiku lomwelo, ku Vubwi masiku awiri, pamphasa panga masiku anayi. Womalizawu ndauyeza ndi msana.