Mmene wailesi ya ku Joni inandisasulitsira denga la apongozi

Anzanga, ngati mukufuna kumva za munthu amene anadzikumbira yekha dzenje, ndi ine pano. Nditabwerako ku Joni ulendo womaliza ndinafikira kwa mkazi wanga Esinati ku Ndunde, kumene ndinali pachikamwini, ndipo pa katundu yense amene ndinabwera naye chimene ndinkanyadira kwambiri chinali wailesi yaikulu ya mabatire sikisi, yokoka ngakhale mawu a kutsidya kwa nyanja.

Vuto linali lakuti apongozi anga aakazi sankandiwerengera. Mwambo mukuudziwa, ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, sitinkakhala m'nyumba imodzi, tikakumana panjira wina ankapatukira patchire. Koma mawu awo ankandipeza ndithu kudzera mwa Esinati: akuti mkamwini uyu ntchito yake n'kupotokola wailesi basi. Zinkandiwawa, ndisaname. Ndiye nditamva kuti nyumba yawo ikudontha, ndinati eya, mwayi wanga ndi uwu, ndiwafolerera denga loti mudzi wonse udzabwere kudzaonera.

Udzu ndinamweta, nsungwi ndi luzi ndinasonkhanitsa, koma ndinachedwa nazo mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lamlungu masana ndikupotokola wailesi ija ndinapeza mzungu wina akulengeza za nyengo ya mlungu wonse ku zilumba za m'nyanja yamchere, Madagasikara, Morishasi ndi zina zovuta kutchula. Chingerezi changa chakumgodi chinagwira ndithu: dzuwa masiku asanu ndi awiri, mphepo yochepa, nyanja bata, asodzi apite mosaopa.

Musaganize kuti sindinadziwe kuti akunena za kwina. Ndinadziwa! Kungoti ndinali wanzeru kwambiri. Ndinatenga buku la mapu la mwana wathu Fanesi, n'kuyeza kuchokera pa Madagasikara kufika pa Malawi: zala zitatu zokha. Nanga mvula yathu siichokera kunyanja komweko, kudzera kwa Apwitikizi? Ngati kugwero kwake kuli gwa, ife itipeza bwanji?

Lolemba m'mamawa ndinakwera padenga. Esinati anabwera akupukuta manja pachitenje.

“Bambo a Fanesi, amayi akuti musasule mbali imodzi kaye, mufolere, kenako inayo. Akuti bondo lawo likuwawa kuyambira dzulo, ndiponso phiri la Chiradzulu lavala chipewa.”

“Kawauzeni kuti tsobola wakale sawawa,” ndinatero ine. “Azungu ali ndi makina oyezera mitambo, iwo ali ndi bondo.”

“Zimenezo ine sindikanena. Mkamwini asamakule mwendo.”

Che Saidi, mnansi wathu wogula nandolo, anaima ndi njinga yake n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana ine. “Achimwene, denga lonse tsiku limodzi? Linthumbu mwaliona mmene likusamukira?” Ine ndinangoloza wailesi, imene ndinaikhazika pachitsa kuti aliyense aione, n'kuwauza mokweza kuti nyanja ili bata mlungu wonse, asodzi akupita mosaopa. Anafunsa kuti nyanja yake iti, ya Chilwa? Ndinawaseka, anthu inu, ndinawaseka munthu wamkulu!

Pofika masana denga lonse linali pansi, nyumba ya apongozi ili yasa, ufa, mphasa, mabulangete, mbewu ya chimanga, zonse zikuwotha dzuwa. Udzu wakalewo, poti ndinkafuna kuonetsa kuti sindibwerera m'mbuyo, ndinauunjika kuseri n'kuutentha. Watsopano uja ndinaumasula mitolo yonse n'kuuyala pabwalo kuti mawa ndisavutike. Kenako ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango ngati bwana, kudikira kuti anthu ayambe kundiyamika.

Cha m'ma fili koloko kamphepo kanayamba. Ndinati n'kongodutsa. Kumwamba kunada bii cha kuphiri, ndinati ndi utsi wa udzu wanga uja. Dontho loyamba litandimenya pamphuno ndinayang'ana mumtengo kufuna mbalame yoti ndiinamizire. Abale, chimvula chimene chinagwa tsiku limenelo! Mphepo inanyamula udzu wanga n'kukaugawira midzi ina, ufa wa apongozi unasanduka phala, ndipo ine ndinkathamanga uku ndi uku ndi lichero, osadziwa kuti ndivindikire chiyani.

Tsono apongozi akabisale kuti? Nyumba yapafupi inali yanga, ya chipinda chimodzi. Esinati anawagwira dzanja n'kuwalowetsa, ndipo ine, nditanyamula wailesi kukhwapa, ndinathamangira komweko. Ndili pakhomo phazi limodzi m'kati, ndinangoona Esinati watambasula manja.

“Mukulowa kuti? Muli amayi muno!”

M'nyumba yanga, yomanga ndekha! Koma mwambo ndi mwambo. Ndinati ndiime pakhonde, mbuzi zinali zitadzazapo kale, ndiponso apongozi anakhala moyang'ana pakhomo pomwepo, ndiye ndikanaima bwanji iwo akundiona? Ndinazungulira nyumba kawiri, mvula ikundisambitsa, mpaka ndinakwawira pansi pa nkhokwe pamene panali nkhuku. Thadzi lina lofungatira linandijompha pakhutu, koma ndinalipepesa, poti mlendo ndinali ine.

Ndili chigonere chamimba m'matope, Che Saidi anadutsa atafunda thumba kumutu, n'kuwerama kundisuzumira. Anangoti, “Pepani achimwene,” koma mapewa awo ankagwedezeka mpaka kukafika kwawo. Ine mwaukali ndinatsegula wailesi kuti mwina mzungu uja apepese. Ayi ndithu, kunali nyimbo, iye atapita kukamwa tiyi.

Mvula itachepa ndinaona mapazi a Esinati aima pafupi ndi nkhokwe. Ndinati basi, chikamwini chatha, andiuza kuti ndilongedze ndizipita kwathu ku Namadzi. Anagwada mwaulemu, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

“Bambo a Fanesi, amayi akuti akhala m'nyumba muno mpaka denga lawo lithe, ndiye inu muone kogona. Akutinso ndikufunseni.”

“Kuti chiyani?”

“Akuti kodi asodzi anu aja kunyanjako afika bwino?”

M'nyumba munamveka chikhakhali cha nkhalamba, mpaka kutsokomola. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pamudzi paja, ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Ndinagona m'khitchini ya Che Saidi masabata awiri, ndikupemphetsa udzu khomo ndi khomo, ndipo denga ndinafolera mbali imodzi kaye, kenako inayo. Mpaka lero ku Ndunde ana amene sanaione n'komwe wailesi ija amanditchula kuti a Nyanjabata. Ndipo chiyambire tsiku limenelo, ndisanayanike ngakhale malaya, ndimayamba ndatuma Esinati kuti akafunse mmene bondo la amayi ladzukira.