Mawu Awiri Amene Ndinapatsa Azungu pa Mwami

Iwe Tereziya, ika foniyo pansi. Uphunzitsi wa Chingerezi wauyamba dzulodzuloli, lero ukutsutsa agogo ako? Nonse okayika senderani kuno, ndikuuzeni kumene mawu awiriwo anachokera, chifukwa anatuluka m'kamwa muno.

Ndinali womasulira pachipata cha m'malire cha Mwami, kabudula wosita, tsitsi lopesa, ndipo m'mawa wina kunatulukira mtsikana wochokera ku Malawi atasenza matumba a shuga makumi anayi, lina atabereka kumbuyo ngati mwana, uku akutafuna nzimbe, thukuta osatuluka olo dontho. Ine ndinati, "Shuga yenseyu? Sumagula iwe!" Mzungu wa kasitomu anatulutsa kabuku n'kulemba kuti smuggler. Mukumva? Kale lonselo azungu analibe dzina la munthu wozembetsa katundu, ankangomuloza ndi chala.

Mtsikana uja analiyatsa liwiro, ine pambuyo, tinalowa m'tauni fumbi lili koboo, tinalumpha msika wonse wa Kapata osaponda tomato ngakhale mmodzi, nsapato zanga zinatha n'kutsala zingwe zokha, chithunzithunzi changa chinatopa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango moti ndinachita kukachitenga mawa lake, mpaka tinafika ku Madzimoyo kumene thumba lina linaphulikira mumtsinje, ndipo mpaka lero anthu akumeneko akafuna tiyi amangothira masamba okha. Pitani mukalawe.

Ndinamugwira dzanja anthu atadzaza, mzungu n'kufika pagalimoto ali wefuwefu, ine n'kufuula kuti, "Ee, mbala si iyi?" Mtsikana anagwetsa nkhope ndi manyazi, mzungu n'kulembanso kuti embarrass. Kabukuko kanakwera ndege, ndipo zimene ukuphunzitsa ana lero n'zochokera mmenemo. Ndikulumbira, Mulungu akundiona.

Mukuseka chiyani? Kafunseni agogo anu aakazi amene akusenda nsawa pakhondepo, poti mtsikanayo ndi iwowo. Iwo amati shuga anali kapaketi kamodzi, kogula bwinobwino, ndipo sanathawe, komanso amene anachita manyazi pagulu ndine, chifukwa ndinkangofuna podzera kuti ndiwafunse dzina. Zimenezo sindikukana. Koma dzinalo munandiuza, si choncho aNabanda?